RX 580 pa laputopu: fani ikungozungulira pang'ono kenako zii, ndithandizeni

Membala wosadzitchula dzina:
Abale pagulu pano, mutu wanga sukugwira. Ndili ku Nchalo, ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Laputopu yanga ikamatulutsa vidiyo imachedwa moti eni ukwati amayamba kukangana asanaione. Ndinaona pa YouTube anthu akulumikiza graphics card (chipangizo chothandiza kompyuta pa zithunzi ndi mavidiyo) ya desktop ku laputopu pogwiritsa ntchito kabolodi kotchedwa EXP GDC, ndiye ndinatuma msuweni wanga amene amapitapita ku Johannesburg, anandibweretsera kabolodiko ndi card yotchedwa RX 580 yogwirapo kale ntchito. Ndalama zake ndi za chitowe cha amayi, ndinalonjeza kubweza Khirisimasi isanafike. Power supply, chibokosi chopereka magetsi ku card, ndinachotsa mu desktop yomwe alamu anga anandisiyira ngati chikole. Alamu amenewa musawaone chonchi, ngongoleyo chaka chatha, akandiona pa msika amakhotera kokagula nsomba, koma achemwali amati ndine ndilibe ulemu. Komanso a landilodi akuti mayunitsi akutha msanga chifukwa cha ine, pomwe iwo ali ndi firiji yogulitsira freezes. Tsopano ndikayatsa, fani ya card ikuzungulira pang'ono n'kuima, pa sikirini palibe chilichonse. Pamwamba pa card pali malo a mapini 8. Ku power supply kuli waya wa mapini 8 koma sukulowa bwino. Ndiupale pang'ono ndi lezala kuti ulowe? Loweruka ndili ndi ukwati ku Ngabu ndipo vidiyo ya anthu a ku Thabwa sindinapereke, akundiimbira mpaka usiku.

Bambo a Fatsani ku Limbe:
Lezalayo ikani pansi kaye achimwene. Wayawo ngati ukugawika pakati 4 ndi 4, ndi wa CPU. Wa card umagawika 6 ndi 2, ndipo mawaya achikasu amakhala atatu okha. Achikasu a mawaya awiriwa amakhala mbali zosiyana, ndiye mukaukakamiza mwalowetsa 12V pomwe pamafunika wakuda. Jambulani pepala lomatidwa pa power supply, mutiuzenso laputopu ndi mtundu wanji ndipo mwalumikiza pati.

Injiniya wa Sola Bangula:
VUTO LANU AMALAWI NDI LIMENELI. Card imadya 12V. Batire ya sola ndi 12V. Nanga mukuvutikiranji ndi chibokosi cha m'ma 2000? Dulani mawayawo, achikasu ku positive, akuda ku negative, nkhani yatha. Ine kuno ndimayendetsa TV, ma fani atatu ndi makina ometera, magetsi azime asazime sindidziwa n'komwe. Dzuwa la kuno ku Chigwa ndi laulere koma anthu mukufunabe kulira ndi mayunitsi.

Make Tadala:
Ine za mawaya sindizidziwa, koma ndalama za chitowe cha mayi anu kugulira zosewerera magemu? Mukudziwa mmene msana umapwetekera pomenya chitowe padzuwa la kuno? Ana a masiku ano Mulungu akukhululukireni.

Kabaza wa pa Dyeratu:
Aise, ndi kutentha kwa Okutobala uno card yaona kuti yafika ku Nchalo yangokomoka yokha. Ikupizeni ndi lichero 😂

Bambo a Fatsani ku Limbe:
A Injiniya, musamuphetsere mnyamata katundu. Batire imalembedwa 12V koma ikamatchajidwa imakwera mpaka 14.4V, ikamatha imatsika. Muyezo wa power supply ya kompyuta ndi pakati pa 11.4V ndi 12.6V basi. Komanso RX 580 imakoka pafupifupi 185W, kutanthauza ma amp oposa 15. Batire ya 100Ah, yomwe siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ingakhale maola atatu okha pa card yokhayo.

Injiniya wa Sola Bangula:
Inu a ku Limbe za m'mabuku zanuzo khalani nazo konko kozizirako. Mu January 2022 namondwe Ana atagumula damu la magetsi la Kapichira ku Chikwawa, dziko linataya pafupifupi 130MW, mdima kwa miyezi. Anthu ankatchaja mafoni kwa ndani? Kwa ine. Power supply yanuyo inali kuti? Pali ma regulator a DC, amaika pakati basi. Ine ndakonza ma system kuyambira ku Marka mpaka ku Ngabu, palibe anabweza.

Bambo a Fatsani ku Limbe:
Regulator simunaitchule poyamba paja. Munati adule mawaya.

Injiniya wa Sola Bangula:
Munthu wanzeru amadziwa yekha. Ndikulembereni zonse ngati sukulu ya mkaka?

Mnyamata wa Magemu Nsanje Boma:
Mwandikumbutsa zanga. Ine power supply yanga inalibe waya wa card, ndinagula ka adaputala kochokera ku SATA (waya wa magetsi a hard drive) kupita ku mapini 6. Tikusewera mpira ndi anzanga, tinangomva fungo ngati wina akuwotcha majumbo kuseri. Kuyang'ana, kapulasitiki kasungunuka, kadontha patebulo la agogo, chipsera chilipo mpaka lero. Kenako ndinamva kuti SATA imapirira 54W yokha pomwe mapini 6 amafuna 75W, a 8 amafuna 150W. Card inapulumuka koma Freddy atabwera mu March 2023 madzi anatenga zonse, tebulo lokha ndi limene tinalipeza litakodwa mumtengo wa masawu. Moti pano ndimangosewera pa foni.

Make Tadala:
Pepani mwanawe, ifenso mbuzi zonse zinapita. Mwaona inu a vidiyo, zinthu za dziko ndi zosiya, bwezani ndalama za mayi.

Mtsikana wa IT, Blantyre:
Aliyense akukamba za magetsi koma mwina vuto silili kumeneko kokha. EXP GDC ilipo yamitundu ingapo malinga ndi malo olumikizira pa laputopu: ya ExpressCard, ya mini PCIe ndi ya M.2. Ambiri amazula ka card ka WiFi n'kulowetsa pamenepo. Koma pali malo ena a mSATA ooneka chimodzimodzi, waya umalowa bwinobwino koma nthawi zambiri sipadutsa PCIe, njira imene card imalankhulirana ndi kompyuta. Malaputopu ena a Lenovo ndi HP ali ndi mndandanda wa zipangizo zololedwa mu BIOS (pulogalamu yoyatsa kompyuta), akaona chinthu chachilendo pa malo a WiFi amakana kuyaka. Ndipo ngakhale zitheke, mini PCIe ndi njira imodzi yokha, pa PCIe 2.0 ndi 500MB pa sekondi, pomwe card inapangidwira njira 16. Musayembekezere zodabwitsa. Lumikizani monitor kapena TV ku HDMI ya card, osadalira sikirini ya laputopu. Mtundu wa laputopu, chonde.

Dolo wa Mafoni Ngabu:
Imeneyo ndi error 43, uthenga wa Windows woti card yalephera kugwira ntchito, ine ndikudziwa. Tsitsani driver yakale.

Mtsikana wa IT, Blantyre:
Error 43 ija imavutitsa kwambiri ma card a Nvidia ngati GTX 1060. Iyi ndi AMD, ndipo munthu sanafike n'komwe pa Windows. Ikadzayaka mwina adzakumana ndi error 12, yonena kuti Windows yasowa malo okwanira opatsa card.

Dolo wa Mafoni Ngabu:
Sisi mukuyankha ngati tili pa mayeso bwanji.

Injiniya wa Sola Bangula:
Error 43, error 12, zonsezo ndi magetsi osakhazikika. Ndakhala ndikunena. Ikani sola muone ngati error ibwerenso. Ofuna panelo ndi inveta inbox, ndimafika mpaka East Bank madzi akaphwa.

Wapampando wa Gulu:
A Injiniya, malonda ndi Lachisanu lokha. Kachiwiri kano.

Injiniya wa Sola Bangula:
Ndikuthandiza munthu, si malonda. Gulu lino mukangoona wa ku Chigwa akudziwa zinthu mumayamba malamulo.

Agogo a Wailesi, Chikwawa:
Ana inu, ine ndinayamba kukonza mawailesi musanabadwe. Yesani power supply payokha kaye. Zulani kukhoma, chotsani zonse, pa pulagi yaikulu ya mapini 24 pezani waya wobiriwira, ulipo umodzi wokha. Ulumikizeni ndi wakuda uliwonse pogwiritsa ntchito kawaya kopanira mapepala, kenako yatsani. Fani yake ikazungulira osaima, yezani wachikasu ndi wakuda pa mita, ione 12V. Kumbuyo ngati kuli kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230, kakhale pa 230, apo ayi mumva kuphulika. Chibokosicho musatsegule, mkatimo mumasunga moto ngakhale mutazula. Ndipo muone mphemvu, kuno zimakonda kugona mmenemo.

Mjomba wa pa Sorgin:
Gulitsani zonsezo, onjezerani pang'ono, mugule desktop yakale ya i5, card mulowetse mkati monga mwini wake anafunira. Mawaya ali mbwee patebulo, fumbi la kuno, ana, nkhuku kulowa m'nyumba, sizikhalitsa.

Bambo a Fatsani ku Limbe:
Mjomba akunena zoona, komabe desktop za m'maofesi zambiri zimabwera ndi power supply ya 240W kapena kucheperapo, yopanda waya wa card, ndiye vuto ndi lomweli. AMD imati RX 580 ikhale ndi ya 500W. Anthu ena pa EXP GDC amagwiritsa ntchito power supply ya Dell DA-2, ya 220W, 12V, 18A, imalowa yokha pakabolodipo, koma pa card iyi yatsala pang'ono kuchepa. Ikanakhala GTX 1050 Ti ya 75W bwenzi tikukamba zina.

Injiniya wa Sola Bangula:
500W yonseyo pa mita ya landilodi? Mumuthamangitsitsa panyumba mnyamatayu. Ine ndasamba m'manja.

Membala wosadzitchula dzina:
Takhuta nonse. Amayi a Tadala, si zamagemu ayi, ndi ntchito, ndipo amayi anavomera okha, amene akuyambitsa nkhani ndi achemwali chifukwa cha amuna awo aja. Waya uja ndaona ukugawikadi 4 ndi 4, sindinaupale kwambiri, kona imodzi yokha. Laputopu ndi yakuda, ndinagula kwa mphunzitsi wina, ndi yabwino ndithu. A Injiniya, panelo ndi zingati?

Mtsikana wa IT, Blantyre:
Yakuda. Achimwene, itembenuzeni muwerenge zomwe zalembedwa pansi pake.

Injiniya wa Sola Bangula:
Inbox bwana, pano atiletsa.

Dolo wa Mafoni Ngabu:
Ikakanika card imeneyo ndigulitseni ine, koma mtengo wa yakufa. Loweruka ndili konkuno, ukwatiwo ndi wa kwa ndani?