Kodi mowa wa kiti wofulula pakhomo ungafanane ndi wa ku fakitale?

Mlamu wa ku Rosettenville

Akuluakulu ndi amayi, ndikupempha nzeru kwa amene munayesapo kufulula mowa pogwiritsa ntchito makiti (zitini za zofululira mowa zokonzeratu) amene amagulitsidwa m'masitolo ena muno mu Joni. Bwana wanga ku Randburg akufuna kundipatsa chidebe chake chofululira pamodzi ndi chitini chimodzi cha Coopers, ndipo akuti chitini chimenechi chimatulutsa malita 23. Ine ndinazolowera Castle Lager, ndipo ndikapita kumudzi ndimamwa Carlsberg Green, choncho ndikufuna kudziwa ngati mowa wa kitiwu umakoma mofanana ndi umenewu, komanso ngati munthu amapulumutsadi ndalama. Ndili ndi mantha enanso, chifukwa m'chaka cha 2020, pamene boma linaletsa kugulitsa mowa, tinamva za anthu amene anadwala ngakhale kumwalira atamwa zofulula m'nyumba.

Che Phiri, Turffontein

Achimwene, landirani chidebecho, koma musayembekezere kuti mudzatulutsa Castle. Castle ndi Green ndi mowa wa mtundu wa lager, umene yisiti yake imagwira ntchito pamalo ozizira, pafupifupi madigiri 10, kenako mowawo umasungidwa pozizira kwambiri, kusefedwa ndi kutenthetsedwa pang'ono kuti usasinthe kakomedwe ngakhale utayenda ulendo wautali. SAB (South African Breweries), kampani yofulula Castle imene inayamba muno mu Johannesburg mu 1895, ili ndi matanki ndi akatswiri oonetsetsa kuti botolo lililonse likhale lofanana ndi linzake, ndipo zimenezi munthu wa m'chipinda cha lendi sangazikwanitse. Makiti ambiri, ngakhale pachitini atalemba kuti lager, amabwera ndi yisiti ya ale, imene imafuna madigiri apakati pa 18 ndi 22 ndipo imapereka kafungo konga ka zipatso.

M'chitinimo muli manyuchi a chimera cha balere amene anawiritsa kale pamodzi ndi hops, maluwa opatsa mowa kuwawa kwake. Inu mumangosungunula manyuchiwo m'madzi otentha, kuwonjezera kilogalamu imodzi ya shuga, kudzaza madzi ozizira mpaka malita 23, ndi kuwaza yisiti. Ndikulangizani kuti m'malo mwa shuga woyera wa tiyi mugule chimera cha ufa chimene amagulitsa m'masitolo omwewo, chifukwa shuga woyera amawonjezera ukali wokha, mowa n'kukhala wopepuka ngati madzi.

Chimene chimavuta kuno ndi nyengo. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira moti yisiti imagona osamaliza ntchito, pamene mu December chipinda cha malata chimatentha kwambiri ndipo mowa umatuluka ndi fungo loipa lopweteketsa mutu. Ine ndimafulula mu April ndi September, ndipo kukatentha ndimaika chidebe m'beseni la madzi n'kuchiphimba ndi thaulo lonyowa.

Nachisale, Yeoville

Ine ndinakulira pakhomo pamene agogo ankafulula masese ku Dedza, ndipo ndikufuna kuyankha za mantha anu, achimwene. Mowa wongowira ndi yisiti kuchokera ku chimera ndi shuga sutulutsa poizoni wakupha munthu. Ukalakwika umangosasa kapena kununkha, ndipo lilime lokha limakuuzani kuti muutaye. Ngozi imabwera anthu akayamba kutcheza ngati kachasu popanda luso, kapena akathiramo spiriti ya m'sitolo ndi mankhwala osambira m'manja pofuna kuti ukhale waukali. Zimenezo musayerekeze n'komwe.

Ukhondo ndiwo umafunika koposa pa mowa wa mtundu uwu. Masese timamwa akadali kuwira patangopita masiku ochepa, ndipo kusasa pang'ono ndi mbali ya kukoma kwake, koma mowa wa kiti umakhala sabata imodzi kapena ziwiri m'chidebe ndi masabata ena awiri m'botolo, nthawi yokwanira kuti tizilombo tochepa tiwononge malita onse 23. Chidebe, chipande, paipi ndi botolo lililonse ziyenera kutsukidwa kenako kuviikidwa m'mankhwala ophera tizilombo. Musathire m'mabotolo mowa umene sunamalize kuwira, ndipo shuga wopangira thovu, amene mumathira poika mowawo m'mabotolo, asapitirire magalamu 8 pa lita, chifukwa mpweya ukachuluka botolo limaphulika ndipo magalasi ake angavulaze mwana m'nyumba. Gulani hydrometer, kachipangizo koyezera shuga wotsala m'mowa; ikaonetsa nambala yomweyo masiku awiri otsatizana, ndiye kuti mowa wamaliza.

Mbewe, Mayfair

Ine ndisiyana pang'ono ndi Che Phiri pa nkhani yolimbikitsa munthu aliyense. Malita 23 ndi mabotolo aakulu a 750 ml okwana 30, ndipo n'zoona kuti botolo lililonse limatsika mtengo poyerekeza ndi la ku bottle store, popeza simulipira msonkho wa mowa kapena mayendedwe. Koma ambiri a ife tikukhala m'chipinda chimodzi ndi banja, ndipo chidebe, mabotolo 30 ndi firiji yowaziziritsira zimafuna malo. Munthu amene amangofuna botolo limodzi lozizira Loweruka madzulo, lokoma monga analizolowera, ali bwino kugula Castle yake. Ndikuchenjezaninso kuti kufulula kwa kumwa nokha n'kosiyana ndi kugulitsa: kugulitsa mowa popanda laisensi ndi mlandu ku Gauteng, ndipo kwa ife alendo mlandu wotere ungaike mapepala athu pachiswe.

Mlamu wa ku Rosettenville

Zikomo nonse. Kuseli kwa nyumba kuli kagalaja kozizirirapo, choncho malo alipo, ndipo ndidikira September monga mwanenera, Che Phiri. Amayi Nachisale, ndifunsenso: kodi mabotolo obweza a 750 ml angapirire mpweya umenewo, kapena ndigule apulasitiki poyamba?