Revolver yanga ikutaya chipolopolo chimodzi pa zisanu zilizonse: vuto ndi mfuti kapena ndi ine?

Abale ndi alongo a pagulu pano, ndikupatsani moni nonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndabwera ndi funso kwa inu amene mumachita masewera owombera chandamale. Ndimakhala ku Johannesburg ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika, ndipo mfuti yanga ili ndi laisensi ya masewera motsatira lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikufunsa za mfuti yobisa pansi pa bedi.

Mfutiyo ndi revolver (mfuti ya silinda yozungulira yokhala ndi mabowo oikamo zipolopolo) ya Smith & Wesson Model 14 ya .38 Special, ya mpope wa mainchesi 6, ndipo ndinaigula kwa mkulu wina wa ku kalabu yathu amene anapuma pa masewerawa. Ndikukonzekera mpikisano wa Centre Fire Pistol wa mamita 25, umene timawombera choimirira ndi dzanja limodzi zipolopolo 60. Mwa zimenezi, 30 ndi zodekha, zisanu pa mphindi zisanu, ndipo 30 zinazo timawombera pa chandamale chimene chimaoneka masekondi 3 okha kenako n'kubisika masekondi 7.

Chikundisowetsa tulo ndi gawo lodekhalo. Zipolopolo zinayi zimagwera bwinobwino pa mabwalo a pakati pa chandamale, a 9 ndi 10, koma chimodzi chimathawira pa 7 kapena pa 6, kawirikawiri chakumunsi kumanzere. Ndimawombera ndi dzanja lamanja, ndili ndi zaka 52, ndipo ndimagwiritsa ntchito zipolopolo za mtovu za wadcutter (zaphwatalala kutsogolo) zolemera ma grain 148. Mnzanga wina akuti ndimasule pang'ono sikuluu ya kutsogolo kwa chogwirira kuti trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ifewe, wina akuti mpope unatha ndipo ndisinthe. Ndalama zanga n'zowerengeka, ndiye ndisanaziwononge ndikupempha amene munadutsamo mundiuze poyambira.

Yankho la bambo wina wa ku Pretoria:

Achimwene, musagule kanthu kaye ndipo musamasule sikuluu iliyonse. Choyamba mulekanitse mlandu wa mfuti ndi mlandu wa mwini wake. Lembani manambala 1 mpaka 6 pa mabowo a silinda ndi cholembera chosafufutika msanga, mukhale pansi, mutsamiritse manja pa matumba a mchenga, ndipo muwombere zipolopolo zisanu kuchokera pa bowo limodzi lokhalokha, bowo lililonse pa pepala lakelake. Musayandikitse chala kapena thumba pa mpata wa pakati pa silinda ndi mpope, chifukwa moto wotuluka pamenepo umawotcha. Ngati bowo limodzi likumwaza kuposa anzake, ndiye kuti mwina silikulunjika bwino ndi mpope kapena kukamwa kwake n'kosiyana ndi kwa enawo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti. Mwayi wanu ndi wakuti mpikisano umenewu umafuna zipolopolo zisanu pamene silinda ili ndi mabowo asanu ndi limodzi, kotero bowo lovutalo mutha kumangolisiya lopanda kanthu.

Komabe ndikuuzeni zoona. Chipolopolo chogwera kumunsi kumanzere kwa munthu wa dzanja lamanja nthawi zambiri chimakhala cha chala chimene chadzidzimutsa trigger, kapena cha zala zinazo zimene zafinya chogwirira poyembekezera kugunda kwa mfuti. Pemphani mnzanu akuikireni zipolopolo zitatu zenizeni ndi ziwiri zabodza zophunzirira, inu osaona. Mukafika pa chabodzacho, mudzaona ndi maso anu ngati kamwa ya mfuti ikugwada.

Yankho la mayi wina wa ku Durban:

Bambo, mwatchula zaka zanu koma simunatchule maso anu, pamene ine ndikuganiza kuti nkhani yagona pamenepo. Malamulo a ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, amalola kuti zolozera ziwiri zija, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, zitalikirane mamilimita osapitirira 220. Ngakhale pa mfuti imene yafika pa malire amenewo, kuphonya kwa theka la milimita pa zolozera kumasanduka masentimita oposa 5 ndi theka pa mamita 25, pamene bwalo la 10 ndi la masentimita 5 okha kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Ndiye kuti kalakwitsidwe kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo kakutulutsani kale pa 10 n'kukusiyani pa 8.

Diso silingaone zolozera ndi chandamale momveka nthawi imodzi, choncho liyenera kukhala pa cholozera cha kutsogolo, chandamale chioneke mwachimbuuzi. Munthu akapitirira zaka 40 diso limayamba kukana zinthu zapafupi, ndipo limathawira ku chandamale mwini wake osadziwa. Ine ndinayeza mtunda wochokera pa diso kufika pa cholozera cha kutsogolo nditatambasula mkono, ndinapita nawo kwa woyeza maso, ndipo anandipangira galasi la mtunda umenewo. Lozaninso pa malo oyera a m'munsi mwa bwalo lakuda, chifukwa zolozera zakuda zimasowa zikalowa m'chakuda. Mkono udzagwedezeka ndithu, ulekeni ugwedezeke, inu muzingowonjezera mphamvu pa trigger pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masekondi 10 akadutsa musanawombe, tsitsani mkono muyambirenso.

Yankho la membala amene amakonza mfuti:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Pretoria pa za sikuluu ija. Imeneyo imakankha sipuling'i yaikulu ya hamala (chitsulo chimene chimamenya kuti chipolopolo chiphulike), ndipo mukaimasula hamala imamenya mofooka, zipolopolo zina zimakana kuphulika, komanso sikuluuyo imapitiriza kumasuka yokha. Kumbukiraninso kuti asanakuloleni kupikisana amayeza trigger, ndipo iyenera kunyamula magalamu 1,000 osawomba. Tupa musaiyandikitse n'komwe m'kati mwa mfuti, chifukwa mukadya kachitsulo kamene kamagwira hamala, mfuti imatha kuwomba yokha.

Za mpope wakutha sindikuzikhulupirira, chifukwa zipolopolo zofewa za wadcutter sizidya chitsulo msanga. Zimene zimachita n'kusiya mtovu polowera mpope ndi m'mabowo a silinda. Tsimikizani kuti mfuti ilibe chipolopolo, muunike ndi tochi, mutsuke ndi burashi ya mkuwa, ndipo mukatha musambe m'manja musanadye nsima popeza mtovu ndi poizoni. Yang'ananinso kamwa ya mpope ngati inabenthuka, ndiponso ngati cholozera cha kumbuyo sichikugwedera. Mmisiri akayeze mpata wa silinda ndi mpope, umene pa mfuti yabwino umakhala pafupifupi mamilimita 0.10 mpaka 0.15, ndipo aone ngati silinda ikutsekeka hamala isanagwe.

Yankho la wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse, ndachita zimene munanena Loweruka lapitali. Polowera mpope ndinachotsapo mtovu wochititsa manyazi. Nditatsamira pa matumba, mabowo asanu anaika zipolopolo zonse m'malo osaposa masentimita 5, koma bowo lachinayi linamwaza mpaka masentimita 8. Ndinayamba kusangalala kuti wolakwa wapezeka, kufikira mnzanga atandiikira zabodza zija. Kamwa ya mfuti inagwada kawiri konse iye akuona, ndipo sanandibisire kuseka kwake.

Kwa woyeza maso ndipita Lachitatu, mayi. Funso langa lotsala likupita kwa amisiri: mpikisano uli patsogolo ndi masabata asanu, kodi ndipereke mfuti tsopano kuti akaone bowo lachinayilo, podziwa kuti ingakakhaleko masiku amene ndikanaphunzirira trigger, kapena ndizingolisiya lopanda kanthu mpaka mpikisano udutse?