Kodi "ukachenjera manja" n'kutani kwenikweni?

Mdzukulu wa ku Kasungu: Abale ndithandizeni. Amalume amakamba za Charles Domingo, uja mlaliki William Koyi anamutenga ku Quelimane, ku Mozambique, mu 1881 n'kukakulira pakhomo pa Dr Robert Laws, mmishoni wa Livingstonia. Amishoniwo anamutumiza kukaphunzira ku Lovedale, ku South Africa, ndipo sukulu ya Overtoun itatsegulidwa ku Khondowe mu 1894, iye anali m'gulu la ophunzira oyamba, uku akuthandizanso kuphunzitsa. Pomaliza amalume akuti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, koma amishoni aja manja sanachenjere." Manja ochenjerawo ndi otani?

Mayi wa ku Dedza: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Mwana wa khomo lina akafika nsima ili pamphasa, ankayamba kumusambitsa m'manja iyeyo, ife adzukulu pambuyo. Tikayamba kung'ung'udza, mwambi wake unali womwewu.

Mphunzitsi wopuma: Ana inu, manja ochenjera ndi manja a luso. Pa Khondowe mnyamata sankangokhala pabenchi ndi sileti. Ankapala matabwa, kuumba njerwa, kusema miyala, ena kusindikiza mabuku, ndipo Laws mwiniwake ankagwira nawo. Ukamupatsa mwana wa mnzako luso lako, mawa udya za thukuta lake. Amalume anuwo aphonya.

Mdzukulu wa ku Kasungu: Koma bambo, iwo amanena zoti Domingo anamaliza maphunziro a ubusa, anapatsidwa chilolezo cholalikira mu 1903, koma zomudzoza kukhala mbusa ayi, mpaka anatopa n'kuchoka. Munthu wokulira pakhomo pawo! Kwa ine zikuwawa ndithu.

Mayi wa ku Dedza: Ndiye mfundo yake imeneyo. Kulera n'kwina, kudya naye mbale imodzi n'kwinanso.

Mphunzitsi wopuma: Ayi mayi, mwambi sukunena za mbale. Ukunena manja. Bwanji sanati mtima? Akuluakulu sankangoponya mawu.

Wa ku Nkhata Bay: Agogo anga ankati ndi manja osaumira, ofulumira kupatsa. Iwo analera ana amasiye atatu, ndipo mmodzi mwa iwowo ndi amene anawasunga atakalamba.

Mphunzitsi wopuma: Osaumira inde, koma ukupatsa chiyani? Nsima imatha lero lomwe. Ine ndiima pa luso.

Mlongo wa ku Johannesburg: Inu mukukangana bwino chifukwa mwambiwo mukuudziwa. Ndafunsa mwana wanga, akuti wochenjera manja ndi wopisa m'matumba a anthu m'minibasi. Mtima wanga wasweka.

Mayi wa ku Dedza: Anga amaudula pakati, amangoti "mwana wa mnzako ngwako yemwe" basi. Ndipo munthu wamkulu amamuti "iwe" opanda manyazi.

Mphunzitsi wopuma: Chifukwa choti masukulu anasiya ntchito zamanja. Mwana wosagwirapo macheka angaumve bwanji?

Wa ku Nkhata Bay: Bambo mwabwereranso pomwepo. Mdzukulu, kafunseni amalumewo kuti iwo anaumva kwa yani.