Za anapiye osowa aja: wakuba si kadzidzi

Ndabweranso pa funso langa lija, loti kodi kadzidzi wogona padenga ndi amene akundithera anapiye. Ambiri munati ndimuthamangitse. Ayi ndithu, si iyeyo.

Wina mwa inu anandilangiza kuti ndiphwanye timibulu timene amalavula. Kadzidzi amameza nyama yathunthu, kenako amasanza ubweya ndi mafupa zomwe sizigayika. Nditaphwanya ndinapeza ubweya ndi tizigaza ta makoswe basi, nthenga ngakhale imodzi munalibe. Ndiye kuti mnzathuyu akundigwirira ntchito ulele.

Wakuba ndi likongwe. Iyeyu amasaka masana, ndipo ndinamuona akulowera pakampata kakang'ono pansi pa khola, poti simungaganize n'komwe. Ndatchinga khola ndi waya wa maso ang'onoang'ono, n'kuukwirira pansi masentimita 30 kuti asakumbe. Kuyambira pamenepo mwanapiye sanasowenso.

Likongweyo sindinamuphe, amadyanso makoswe ndi tinjoka. Mankhwala a makoswe nawo ndasiya kuthira, chifukwa kadzidzi akadya khoswe wodya poizoni naye amatha kufa. Chatsala ndi mphamba, koma ameneyo ndikuikira waya pamwamba pa malo odyera anapiye.