Ngaka yamoyo ikapezeka m'thumba kuno ku Joni, tichite chiyani?

Mbewe_Randburg: Abale, pa magulu athu a WhatsApp pakumatuluka anthu oti ali ndi ngaka yamoyo, akufuna wogula. Kodi imeneyi ndi mlandu waukulu bwanji kuno? Nanga munthu akaiona ili m'thumba kapena m'buti ya galimoto, angaithandize bwanji isanafe?

NaPhiri: Achimwene, musayerekeze kukhala mkhalapakati. Malonda a ngaka pakati pa mayiko analetsedwa pamsonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) womwe unachitikira ku Sandton konkuno mu 2016. Lamulo la South Africa limalola chilango chofika zaka 10 m'ndende kapena chindapusa cha R10 miliyoni, ndipo kungoisunga popanda chilolezo ndi mlandu kale. Kumudzi ku Malawi n'koopsa kuposa apa: kuyambira 2017 zimatha kufika zaka 30. Komanso "wogula" amene mukukambirana naye mtengo uja nthawi zina amakhala wapolisi.

Gondwe77: Ndiyankhe za kuisamala, chifukwa apa m'pamene anthu amaiphera mwachifundo. Ngaka ilibe mano. Imadya nyerere ndi chiswe basi, ikumanyambita ndi lilime lalitali lomata. Mkaka, nsima, nyama yogaya, zonsezi musaipatse, ndipo musaithire madzi m'kamwa chifukwa amalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Ikadzipinda ngati nkhata musaitambasule mokakamiza. Mamba ake ndi akuthwa m'mbali, amacheka zala. Isiyeni pamalo amdima, opanda phokoso, kutali ndi agalu, pansi pali bulangeti kuti isazizidwe, kenako imbirani apolisi ndi a Johannesburg Wildlife Veterinary Hospital kapena African Pangolin Working Group tsiku lomwelo.

Kuchedwa n'kumene kumapha. Yomwe yakhala masiku angapo m'thumba imakhala madzi atatha m'thupi ngakhale ikuoneka yamphamvu. Madokotala amayamba ndi dilipi, chakudya amadutsitsa pa kapaipi, ndipo ikatsitsimuka pamafunika munthu woiperekeza kutchire maola angapo tsiku lililonse kuti izikumba yokha nyerere. M'mbale siidya.

Che Jafali: Ogwira ntchito m'mafamu a ku Limpopo ndi North West, yang'anani mipanda ya magetsi. Ngaka imayenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itanyamula, ndiye waya wam'munsi umaigunda pamimba pomwe palibe mamba. M'malo mothawa imadzipinda mozungulira wayawo, magetsi n'kumaimenyabe mpaka kufa. Uzani abwana akweze waya woyambawo ufike masentimita 30 kuchokera pansi, kapena auzimitse.

NaPhiri: Ndipo imabereka mwana mmodzi yekha, kamodzi pachaka, n'kumamubereka kumsana. Mukachotsa yaikazi imodzi mwachotsa ziwiri. Mamba amene akuwafera anthuwa ndi chimodzimodzi zikhadabo zathuzi, a Mbewe, sachiza nthenda iliyonse.

Mbewe_Randburg: Zamveka. Nambala ya wogulitsa uja ndi zithunzi zake ndazisunga, ndikapereka kupolisi mawa m'mawa.