Ndiwauze ana zonse za Gauguin, kapena ndingowaonetsa zithunzi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndimaphunzitsa ana kujambula ndi penti, ambiri ndi atsikana a zaka 12 mpaka 15. Mwezi wamawa ndikufuna ndiwaonetse ntchito za Paul Gauguin wa ku France, chifukwa ana amenewa amaopa utoto. Kwa iwo udzu ndi wobiriwira basi, thambo ndi la buluu basi. Gauguin mu 1888 anajambula amayi a ku Brittany, chigawo cha ku France, akuona masomphenya a Yakobo akulimbana ndi mngelo, pansi ponse n'kupaka pofiira psuu. Chithunzicho chili ku Edinburgh. Mu 1889 anajambula Yesu pamtanda ali wachikasu. Utoto amauyala mosalala, mithunzi pang'ono, m'mbali n'kudutsamo mzere wakuda, zomwe mwana angayese ndi penti wotchipa yemwe.

Chikundisowetsa mtendere ndi moyo wake. Ankagulitsa masheya ku Paris, msika utagwa mu 1882 anayamba kudalira zojambula. Mkazi wake Mette ndi ana asanu anawasiya ku Copenhagen. Mu 1891 anapita ku Tahiti, chilumba cholamulidwa ndi Afalansa, ndipo kumeneko anatenga Teha'amana, mtsikana wa zaka 13, iye atapitirira zaka 40. Anamujambulanso ali wosavala. Ndi msinkhu womwewo wa ana ndikuphunzitsawa. Ndiwauze? Ndibise? Kapena ndimusiye?

Mayi wa ana atatu: Auzeni, aphunzitsi. Ana a lero ali ndi mafoni, dzina lokhalo akalilemba pa intaneti apeza zonse, ndiye adzadabwa kuti munabisiranji. Kungoti zithunzi zosavalazo zisalowe m'kalasi.

Mphunzitsi wa sekondale: Mukudzivutiranji, achimwene? Tengani Paul Cézanne. Ankakonda kujambula maapozi ndi phiri la Sainte-Victoire kwawo ku Aix-en-Provence, palibe kholo lingakutsatireni kunyumba. Kapena Georges Seurat, uja ankajambula ndi timadontho ta utoto.

Wojambula, Johannesburg: Cézanne aphunzitsa ana kaumbidwe ka chinthu, koma mantha a utotowo sawachotsa. Seurat ndiye ayi, timadontho tija ana atopa nato lisanathe ola. Gwiritsani ntchito zithunzi zimene Gauguin anajambula ku Pont-Aven, tauni ya ku Brittany, ndi ku Arles, kumwera kwa France, kumene anakhala ndi wojambula mnzake Van Gogh masabata asanu ndi anayi mu 1888. Za ku Tahiti sankhani za malo, mitengo ndi akavalo. Nkhani yoti ankatenga atsikana aang'onoyo inenedwe ndithu. Ngakhale National Gallery ya ku London, pa chionetsero cha zithunzi zake mu 2019, inailemba poyera.

Wokonda mbiri: Koma tisamupachike yekha ngati analibe chabwino. Atasamukira ku Hiva Oa, chilumba china cholamulidwa ndi Afalansa, mu 1901 ankalimbana ndi apolisi achitsamunda poikira kumbuyo eni dziko, mpaka anamugamula kukakhala kundende miyezi itatu. Anamwalira mu May 1903 asanalowemo, ali ndi zaka 54. Komanso nthawi imeneyo zinthu zinali zina.

Mayi wa ana atatu: Bambo, ku Hiva Oa komweko anatenganso wina wa zaka 14. Zoti nthawi inali ina tazimva kokwanira kwa akuluakulu okwatira ana kwathu kuno, mpaka malamulo anachita kuika zaka 18. Mwana wa zaka 13 akamva aphunzitsi akumuikira kumbuyo munthu wotere, adzaulula bwanji zikamuchitikira iyeyo?

Wofunsa: Zikomo nonse. Mayi, mfundo yomalizayo yandigwira. Ndiyamba ndakambirana ndi makolo, ndipo anawo ndiwauza mwachidule tisanagwire maburashi. Chithunzi chake chachikulu chimene chili ku Boston, chofunsa kumene tinachokera ndi kumene tikupita, ndichisiya kaye poti muli anthu osavala. Funso lina kwa a ku Johannesburg: ndikasindikiza cha Yakobo chija kufiira kumatuluka ngati njerwa. Ndi pepala kapena ndi inki?