Odwala amene sikelo imatsika kenako n'kukweranso: tisinthe chiyani pa uphungu wathu?

Namwino wa kiliniki ya shuga ndi BP

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi vuto limene landizunguza mutu, ndipo ndikukhulupirira kuti si ine ndekha amene ndikukumana nalo muno mu Zomba. Tili ndi mayi wina, mphunzitsi wa zaka za m'ma 40, amene ali ndi BP yokwera ndipo shuga wake ali m'malire, kutanthauza kuti wakwera koma sanafike pa matenda a shuga. Chaka chatha ankalemera makilogalamu 92. Anasiyiratu nsima, mpunga ndi buledi, n'kumadya masamba owiritsa ndi kumwa madzi a mandimu, ndipo pa miyezi itatu anafika pa 84. Kenako kunagwa maliro kwawo ku Jali, anakhalako sabata akudya zimene aliyense ankadya, ndipo atabwerako sanaonekenso ku kiliniki kwa miyezi ingapo. Mwezi uno abwera, sikelo yawerenga 95. Akuti aka n'kachitatu zoterezi kuwachitikira, ndipo mawu awo ndi akuti, "Anamwino, ndimadziwononga ndekha, ndilibe mtima wopirira." Odwala otere ndi ambiri, makamaka amayi apantchito. Kodi tiziwauza chiyani chimene sanamvepo kale?

Katswiri wa kadyedwe

Anamwino, ine ndiyamba ndi kukana mawu a mayiwo. Munthu amene wakhala miyezi itatu osalawa nsima, pamene ana ake akuidya pamaso pake, sitinganene kuti alibe kupirira. Chimene chinalephera ndi kadyedwe kamene anasankha, chifukwa palibe amene angakhale nako moyo wake wonse.

Tiziwafotokozera zimene zimachitika m'thupi. Munthu akasiya zakudya zokhutitsa mwadzidzidzi, thupi limayamba kugwiritsa ntchito shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Makilogalamu oyambirira amene amachoka mofulumira aja, gawo lalikulu ndi madzi, ndipo amabwerera pa masiku ochepa munthu akayambanso kudya nsima. N'zotheka ndithu kuti mayiwo atabwera ku Jali anaona sikelo itakwera ndi makilogalamu awiri, n'kuganiza kuti ntchito yonse yapita m'madzi, pamene mafuta a m'thupi anali asanasinthe kwenikweni.

Palinso njala, imene si nkhani ya khalidwe ayi. Kafukufuku wa ku Melbourne amene anasindikizidwa mu 2011 anatsatira anthu 50 amene anachepetsa kwambiri chakudya kwa masabata 10. Patapita chaka, homoni yoyambitsa njala yotchedwa ghrelin inali idakali yokwera, pamene leptin, imene imadziwitsa ubongo kuti m'thupi muli mafuta okwanira, inali idakali yotsika. Ngakhale kale mu 1944 ndi 1945, pa kafukufuku wa Ancel Keys ku Minnesota, amuna 36 athanzi amene anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi isanu ndi umodzi ankangoganiza za chakudya usana ndi usiku, ndipo atamasulidwa ambiri ankadya mosadziletsa. Thupi likachepa limagwiritsanso ntchito mphamvu zochepa kuposa kale, choncho wobwerera ku kadyedwe kakale amanenepa msanga.

Ine ndimayamba ndi kubweza nsima m'mbale. Amene ankadya mitanda itatu adye iwiri, kenako umodzi ndi theka, ndipo ikhale ya mgaiwa ngati angathe. Theka la mbale likhale masamba monga chisoso, bonongwe, nkhwani kapena mpiru, ndipo pakhale nyemba, nandolo, mazira kapena matemba a ku Chilwa, chifukwa zakudya zomanga thupi zimasunga mimba nthawi yaitali. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo ya ana ndi omwewo amene munthu wofuna kuchepetsa thupi akufunika. Zimene ndimalimbana nazo kwenikweni ndi mafuta ophikira othiridwa mosayeza, shuga wa mu tiyi, ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi, pakuti botolo limodzi la 500 ml limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 50, womwe ndi mlingo wa tsiku lonse umene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire. Cholinga chikhale theka la kilogalamu pa sabata, ndipo kwa mayi wa makilogalamu 95, kutsika ndi 5 mpaka 9 n'kukhazikika pamenepo kumathandiza kale BP ndi shuga.

Kiliniko ofisa

Achemwali afotokoza bwino, koma ndisanavomereze kuti vuto lonse lili pa mbale, ndikufuna tiyambe tatsegula kabuku ka kuchipatala. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV m'dziko muno anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo n'zodziwika kuti ena, makamaka amayi, amanenepa nawo. Jakisoni wolera wa Depo-Provera amanenepetsanso amayi ena, chimodzimodzi prednisolone womwedwa nthawi yaitali, amitriptyline, ndi mankhwala ena a matenda a m'maganizo. Sindikunena kuti tiziwasiyitsa mankhwalawa, ndipo wodwala asayerekeze kusiya ma ARV chifukwa cha sikelo, koma munthu ayenera kudziwa kuti akukwera phiri lotsetsereka kuposa anzake, kuti asamadziimbe mlandu pa chilichonse.

Kwa amene ali kale ndi shuga ndipo akumwa glibenclamide kapena akubaya insulin, kudumpha chakudya n'koopsa chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka. Izi tizizikumbukira pa Ramadan komanso pa kusala kudya kwa m'mipingo kumayambiriro kwa chaka, nthawi imene ambiri amaphatikiza pemphero ndi kufuna kuonda.

Muwafunsenso mayiwo ngati akumwa tiyi woondetsa amene akugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ambiri mwa matiyi amenewa ali ndi senna, amene amangotsegula m'mimba ndi kuchotsa madzi, ndipo m'mayiko ena mankhwala oondetsa otchedwa achilengedwe anapezeka atasakanizidwa ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Kwa munthu wa BP zimenezi si zosewera nazo. Odwala sanena okha za tiyiyu pokhapokha mutafunsa mwachindunji, ndiponso mosakalipa.

Mlangizi wa zaumoyo

Ine ndimalowa m'makomo ku Chinamwali, ndipo ndikupempha kuti uphungu wathu uzifika pakhomo, usamathere m'chipinda choyezera. Mayi akayamba kutsika thupi, oyamba kudandaula amakhala apongozi, amene amafunsa ngati mwana wawo wasiya kusamala banja. Anzake kuntchito amayamba kunong'onezana kuti kapena akudwala, chifukwa anthu sanaiwale zaka zimene kuonda kunkatanthauza kachilombo. Ndiye munthu yemweyo akanenepanso amamva kuti, "Koma ndiye mukuoneka bwino, zikukuyenderani." Kwa ife sikelo yakwera, koma kwa abale ake munthu wachira. Ngati amuna awo sitinalankhule nawo, mayiwo akulimbana okha ndi nyumba yonse.

Chachiwiri ndi mphika. Mayi amene akuphika nsima ya banja kenako n'kudziphikira zake padera amatopa, ndipo makala ndi ndalama siziwalola. Kusintha kumene kumakhalitsa ndi kumene kwalowa mumphika wa onse, monga kuyeza mafuta ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo, kapena kutendera masamba ndi nsinjiro pang'ono m'malo mokazinga. Tisamawatchulirenso zakudya za m'mafoni. Zipatso zogulitsidwa mumsewu wopita ku Ku Chawe n'zokoma, koma mphunzitsi sangazigule tsiku ndi tsiku, pamene mapapaya, magwafa ndi nthochi zili mumsika wa Zomba ndi ku Songani pa mtengo wofikirika. Muonenso kalendala ya malipiro: ambiri amadziletsa pakati pa mwezi chifukwa m'thumba mwauma, ndipo malipiro akangolowa, chiwaya cha chipisi ndi kanyenya zimabweza zonse.

Phungu wa za maganizo

Alangizi atchula za kunja, ine ndinena za m'kati. Chimene mayiwo akuchitcha kudziwononga chili ndi njira yake imene imabwerezeka, ndipo tikhoza kuijambula nawo papepala. Amadziikira lamulo lokhwima, lakuti nsima ayi mpaka kalekale. Tsiku lina lamulo limasweka, monga zinachitikira kumaliro, kumene kukana chakudya kukanaoneka ngati mwano. Pamenepo m'mutu mumabwera mawu akuti, "Basi ndalakwa kale, ndidzayambiranso Lolemba," ndipo kuyambira Lachinayi mpaka Lamlungu amadya ngati akutsanzikana ndi chakudya. Manyazi amawaletsa kubwera ku kiliniki, ndiye nthawi imene akufunika thandizo kwambiri ndi imene sitiwaona. Nsima ya kumaliro sinawonjezere makilogalamu 11. Anawonjezera ndi miyezi ya manyazi imene inatsatira.

Ine ndimawafunsa kuti, mbuzi zikadya mzere umodzi wa chimanga, kodi mumasiya munda wonse? Kenako timakonzeratu zochita tsiku lophonya lisanafike, pakuti maliro, ukwati, chinkhoswe ndi maphunziro a kuntchito okhala ndi tiyi wa 10 koloko sizidzatha. Timalemba m'mawu awo: ndikapita ku ukwati ndidzadya mbale imodzi ndi kumwa madzi, ndikadya mopitirira, chakudya chotsatira ndidzadya monga mwa masiku onse, sindidzadzilanga ndi njala. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa kudzilanga ndi njala m'mawa ndiko kumabala kudya mosadziletsa usiku. Aphunzitsi ambiri amachoka m'nyumba osadya kanthu, amagwira mandasi pa buleki, ndipo chakudya chenicheni amadya madzulo atatopa ndiponso atakwiya.

Tizifunsanso za tulo, ngongole ndi mavuto a m'banja, popeza ena amadya kuti mtima ukhale pansi. Ndipo mukamva kuti munthu amadya kwambiri mobisa kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, ameneyo musamupatse ndondomeko ina ya zakudya, mumutumize kwa ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo.

Fiziyo (katswiri wa zolimbitsa thupi za odwala)

Ndiwonjezere mwachidule za kuyenda. Kulimbitsa thupi pakokha sikutsitsa sikelo kwambiri, ndipo tisawanamize, koma kumathandiza kwambiri kuti makilogalamu amene achoka asabwerere, komanso kumateteza minofu. Pa kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku United States, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anthu amene shuga wawo anali m'malire anapatsidwa cholinga chotsitsa kulemera kwa thupi ndi 7 peresenti komanso kuyenda mphindi 150 pa sabata, ndipo chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Mayi wa makilogalamu 95 musamuuze zothamanga kapena kukwera phiri la Zomba Loweruka loyamba, mawondo adzatupa ndipo adzasiya. Atsike kabaza patali pang'ono ndi sukulu, ayende chotsalacho mofulumirako.

Namwino wa kiliniki ya shuga ndi BP

Zikomo nonse. Ndaona kabuku kawo, ali pa jakisoni wolera, ndipo za tiyi ndikawafunsa akabwera. Nkhawa yanga ndi nthawi. Tsiku la kiliniki mzere umafika panja, ndipo wodwala aliyense ndimakhala naye mphindi zochepa zoyeza BP, kulemba ndi kupereka mankhwala. Zojambula papepala zimene a phungu akunena n'zabwino, koma ndizichita nthawi yanji? Komanso Adokotala, kodi jakisoniyo tiwasinthe?

Kiliniko ofisa

Za jakisoni musasankhe ndinu, Anamwino. Muwatumize kwa anzathu a zakulera akakambirane, makamaka poti BP yawo ndi yokwera ndipo pali njira zina monga lupu imene ilibe mahomoni. Ngati BP ikufika 160 pa 100 kapena kupitirira, jakisoniyo sakhalanso njira yoyenera, ndiye nkhaniyo isadikire.

Katswiri wa kadyedwe

Za nthawi, musayese kuchita zonse ndi munthu mmodzimmodzi. Odwala amakhala kale pabenchi kudikira, ndiye nkhani ya madzi, njala ndi tsiku lophonya ikambidwe kwa onse pamodzi m'mawa, monga timachitira ndi maphunziro a kusikelo. M'chipinda mufunse funso limodzi lokha, lakuti ndi chinthu chimodzi chiti chimene asinthe mwezi uno, ndipo yankho mulilembe m'kabuku kuti aliyense amene adzawaone ulendo wotsatira adzayambire pomwepo. Sikelo ichoke pakhonde pamene anthu onse amamva nambala, ndipo ikhale imodzimodzi nthawi zonse, chifukwa masikelo athu amasiyana. Muziyezanso chiuno ndi tepi, pokumbukira kuti chiopsezo chimakwera kwambiri chikapitirira masentimita 88 kwa amayi ndi 102 kwa abambo, ndipo nthawi zina chiuno chimatsika sikelo itaima.

Chimene ndikufuna tigwirizane ndi cha odwala amene asowa. Amene wadumpha tsiku lake aimbiridwe foni kapena Alangizi amuyendere sabata yomweyo, ndipo uthenga ukhale wakuti abwere ngakhale sikelo yakwera. Alangizi, kodi mungakwanitse kutenga mayina a odumpha a m'dera lanu Lachisanu lililonse?

Mlangizi wa zaumoyo

A ku Chinamwali ndingakwanitse, bola odwalawo avomereze okha kuyenderedwa ndipo zilembedwe m'kabuku, chifukwa ena safuna kuti apabanja adziwe zoti ali pa kiliniki. A ku Sadzi ndi ku Chikanda ndilankhula ndi anzanga a kumeneko mawa, ndipo mayunitsi oimbira foni tikambirane kuti achokera kuti.